Bokosi la Pansi pa Masitepe

Agogo Anganile ankaopa zinthu zambiri m'nyumba ya mwana wawo Shepherd ku Beaumont Leys, kudziko la azungu, ndipo sankabisa. Gasi wa pachitofu, masitepe oterera, munthu wogogoda atavinikira nkhope ndi chipewa, sopo wochapira uja amaoneka ngati maswiti. Zinthu zimenezi zimapha anthu, si zoseka ayi. Koma bokosi lachitsulo la pansi pa masitepe sankaliopa. Atangofika kuchokera ku Ntcheu, Shepherd anawauza kuti mumakhala mapasipoti ndi mapepala a nyumba, ndipo pasipoti yawo inalowanso momwemo. Ankalipukuta fumbi, mpaka analiyalira kansalu koluka pamwamba.

Mfuti ndiye sankafuna kumva ndi dzina lomwe. Amuna awo anawomberedwa ndi mbava m'golosale mwawo, zipolopolo zitaboola chitseko chotseka, Shepherd ali ku sekondale. Kumanda komweko agogo anamugwira mwanayo dzanja n'kumulumbiritsa kuti chinthu chimenecho sadzachikhudza moyo wake wonse. Analumbira akulira. Ngakhale kamfuti ka madzi kamene mdzukulu wawo Dylan anapatsidwa kusukulu, agogo anakataya mu bini.

Tsiku lina masana, Shepherd ali pa ofu, anayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini n'kuikapo tizitsulo takuda ndi kasipuling'i. Ankangotitembenuza uku akutsonya.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa agogo.

"Za kuntchito izi, amayi. Kamakina komatira makatoni ku Corby. Kakumajama."

"Bwana wakoyo alibe anthu okonza? Usamatenge katundu wa azungu kubwera naye kunyumba, iwe. Adzati waba."

"Andilola. Apapa pakufunika pasalale, koma zala zangazi n'zazikulu."

Agogo anakhalapo ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, ndipo ankawasamala ngati khanda. Anatenga kachitsuloko, n'kukayang'ana pafupi ndi windo.

"Mafuta onsewa? Ukukazinga mandasi? Fumbi limakakamira pamenepa."

Shepherd anaseka. Iwo anapukuta, n'kukwecha pang'onopang'ono pamene anawalozerapo, mpaka panawala.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yawo. Tizitsuloto tinkabwera titada ndi mwaye, tikununkha ngati machesi ozima, ndipo atafunsa, Shepherd anati makina amatentha. Agogo anakhulupirira, n'chifukwa chiyani akanakayika? Dziko lino zovala zimachapa zokha, mbale zimatsuka zokha, manja a munthu wamkulu amangokhala pamiyendo. Tsopano awo anali ndi chochita. Kutchalitchi anauza amayi anzawo kuti makina a ku Corby akuyenda chifukwa cha iwo.

Lamulungu lina chakumasana kunamveka kugogoda. Agogo anasuzumira pakatani, monga munthu aliyense wanzeru amachitira asanatsegule. Anali mzungu wamtali waimvi, Jeremy, mnzake wa Shepherd. Shepherd anali m'bafa, ndiye anatsegula ndi mkazi wake Atuweni.

Jeremy atawaona agogo anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyankhula zambirimbiri akumwetulira. Chizungu cha agogo chimathera pa moni.

"Akuti chiyani, amake Dylan?"

"Akuti zikomo, amayi. Makina akuyenda bwino," anatero Atuweni, maso ali pansi.

Koma mzunguyo sanathere pomwepo. Anasolola m'jekete chikatoni chojambulidwa mizere yozungulira, pakati pakuda pali timabowo tothithikana. Anawaloza agogo, n'kuloza timabowoto. Kenako anatambasula mkono, n'kutsinzina diso limodzi, chala chikukoka m'malere. Pa, pa, pa, osadukiza.

Agogo sanapite kusukulu, koma mabowo otere anawadziwa. Anawaonapo pachitseko.

Mmene Shepherd ankatsika masitepe ndi thaulo m'khosi, Jeremy anali atasiya kumwetulira. Anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, n'kutsanzika mofulumira.

"Khala pansi," anatero agogo.

"Amayi, ndi masewera chabe. Ndili mu kilabu yoombera mfuti. Tizitsulo tija n'tosinthira mfutiyo kuti iziombera tizipolopolo tating'ono, totchipa. Poyamba inkangojama, kachikhungwa ka chipolopolo kukakamira m'kati, ndiye..."

"Ndiye unapeza manja anga."

"Timaombera mapepala basi, amayi. Palibe munthu amavulala."

"Amene anapha bambo ako ankaona thabwa basi."

Shepherd anayesanso. "Ndili ndi laisensi. Apolisi anabwera kudzaona bokosi lija, n'kuvomereza."

"Bokosi liti?"

Maso a Atuweni anathamangira pansi pa masitepe.

"Apolisi analowa muno ine osawaona? Ine amene ndimadziwa ndi galimoto yonyamula mabini yomwe?"

"Linali tsiku lija tinapita kokapimitsa maso," anatero Atuweni motsitsa mawu.

Agogo anakumbukira tsikulo. Atachoka kwa dokotala, mpongozi wawo anawazunguza m'mashopu, n'kuwagulira juzi yofiirira ndi tchipisi, osafuna kubwerera msanga. Iwo anafika kunyumba n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha mkazi wamtima wabwino. Juziyo ndi imene anali atavala.

Anatenga foni n'kudina pankhope ya mwana wawo wamkazi, Chiku, amene amakhala ku Normanton.

"Chiku, mchimwene wako ali ndi mfuti m'nyumba. Ubwere udzanditenge."

Agogo anadikira kuti amve mwanayo akukuwa.

"Amayi, mtima pansi. Tinkaopa BP yanu, n'chifukwa chake..."

Agogo anadula foni. Anayang'ana zikhato zawo kwa kanthawi, n'kuzipukuta pachitenje ngakhale zinali zouma.

"Shepherd, ndipatse pasipoti yanga."

"Mupita kuti, amayi?"

"Kwathu. Tikiti mugula inuyo amene mumadziwa kukonza zinthu mwakachetechete. Tsegula."

Shepherd anakatenga kiyi kuchipinda. Agogo anaima kumbuyo kwake. Chitseko chachitsulo chitatseguka anaiona, yakuda, yamphuno yaitali, itagona pashelefu. Pasipoti yawo inali itatsamira pambali pake, miyezi yonseyi.

"Tulutsa iweyo. Ine sindilowetsamo dzanja."

Anawapatsa. Inkanunkha machesi ozima.

Sanachoke msanga. Anaima pomwepo kuyembekeza mawu amodzi okha, akuti mawa ndikaibweza, ndikaigulitsa, ndikaisiya kupolisi. Akanatero, mwina akanakhala pansi n'kulira, n'kupempha tiyi. Anamuyang'ana mwana wawo kunkhope, nkhope yomwe ija ya kumanda.

"Tidzakambirana mtima wanu ukatsika, amayi," anatero Shepherd. Anakankha chitsekocho, n'kuzunguza kiyi, n'kukoka chogwirira kuti aone ngati chakhomeka bwino.

Agogo Anganile anachotsa kansalu kawo pamwamba pa bokosilo, n'kukulungamo pasipoti. Juzi ija anaivula n'kuisiya pampando. Kenako anakwera masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali, pang'onopang'ono chifukwa amaterera, kukatsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu.