Alamu Anathira Metanolo Wosasungunula

Singano ya mita yoyezera magetsi inali itagona pansi pamene Injiniya analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito. Dzulo lake, bokosi lomwe mayiyu anapanga, lotulutsa magetsi kuchokera ku mankhwala onga spiriti otchedwa metanolo, linkayendetsa firiji bwinobwino. Lero linali kutentha ngati simbi, firiji ili zii. Ndipo m'mawa womwewo akuluakulu a chipatala ankabwera kudzaliona, kuti likawakomera alitenge lizikayendetsa firiji yosungira katemera.

Pawindo panaima mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Ntchito yake inali kutsatsa malonda basi.

"Alamu, wagwira bokosili ndani?"

"Ndangoliwonjezera mphamvu," anatero Wailesi. "Inu mumalimwetsa madzi okhaokha ngati mwana wodwala. Ndathiramo metanolo weniweni, wosasungunula, kuti alendo aone moto."

Injiniya anapsa mtima. Anamasula bokosilo natulutsa kachikopa kopyapyala ka pakati. Kanali katatupa, ndipo fumbi lakuda la pulatinamu, lomwe limathandiza metanolo kutulutsa magetsi, linali kukanganuka.

"Mwakaona aka? Ntchito yake n'kutchinga metanolo kuti asawolokere mbali inayi. Akachuluka amawoloka, n'kumakapsera uko pachabe. Mumayesa ndimasungunula chifukwa choumira? Kanali komaliza aka, alamu. Fulumira adadya gaga!"

"Nanga zengerezu sadalinde kwawukwawu?" anayankha Wailesi, manyazi alibe ndi pang'ono pomwe. Anasuzumira pawindo, galimoto ya alendo ikulowa pageti, ndipo anatsitsa mawu. "Musataye mtima. Tibise batire ya galimoto pansi pa tebulo, tilumikize mawaya. Firiji ilira, iwo asangalala, zinazo tikonza pambuyo."

Zowononga kachikopa Injiniya akanatha kuzimeza. Koma zachinyengozi zinamunyansa.

"Ndiye kuchipatalako mukabisala pansi pa firiji ndinu, batire ili pamutu? Ndi katemera wa ana ameneyo!"

Anatsegula yekha chitseko. Wailesi anali atayamba kale kumwetulira ndi kutambasula manja, koma Injiniya anamudula.

"Pepani, adokotala, bokosi lafa. Mwathiridwa metanolo wosasungunula, kachikopa kawonongeka. Vuto limeneli lilipodi, ndipo sindinalithetse. Wina akalakwitsa chomwechi kwanuko, katemera awonongeka."

Dokotala wamkulu anayang'ana kachikopa kaja, nathokoza mwaulemu, nati ayamba ayang'ana kwina. Galimoto inatuluka, ntchito ya chaka chathunthu itapita m'madzi.

"Mwatichititsa manyazi!" anakalipa Wailesi.

Injiniya anangotambasula dzanja. "Kiyi wa chipinda chino."

"Mwaiwala kuti ndine mkulu wa mwamuna wanu?"

"Kunyumba ndikugwadirani monga mwa nthawi zonse, alamu. Kuno, kiyi."

Dzanjalo silinatsike mpaka kiyi atagweramo.