Kalavani ya Kuseri kwa Dermot

Loweruka limenelo tinali khwimbi la anthu pakhomo pa nyumba ina ku Moonah, dera la mumzinda wa Hobart, titafola ngati pachipatala. Mtsikana wa ku ofesi yobwereketsa nyumba anatsegula chitseko kuti tione zipinda. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Panalibe masitepe, ndipo bafa linali lotakata. Bambo anga akanatha kuyendamo ndi chitsulo chawo choyendera.

Lachiwiri mtsikanayo anandiimbira foni. "Pepani Tegan, eni nyumba asankha banja lina. Ndikuuzeni zoona? Ndi malipiro anuwa, lendi ingadye theka. Palibe mwini nyumba amene angavomere."

Nyumba imene tinkakhala inali itagulitsidwa, ndipo wogulayo ankafuna kulowa mwezi usanathe. Bambo anadwala sitiroko chaka chatha, moti mwendo wamanzere amachita kukoka. Amayi anatisiya kalekale. Tinali awiri basi.

Ndinkalemba mapulogalamu a pakompyuta pakampani yaing'ono ya mu Hobart, yothandiza alimi a maapulo kudziwa nthawi yopopera mankhwala ndi yothyola zipatso. Mwini wake anali Dermot, mwamuna waimvi wokonda kuyenda wopanda nsapato mu ofesi. Ukamutchula kuti bwana ankakuuza kuti ukatsuke makapu. Bambo atagwa, anzanga anasonkha masiku awo atchuthi n'kundipatsa kuti ndikhale kuchipatala. Narelle, mnzanga wapadesiki yoyandikana, ankandibweretsera supu. Koma tonse tinkadziwa kuti malipiro athu ndi ochepa poyerekeza ndi a anzathu a ntchito yomweyi kwina. Tinkangoseka, n'kumati chotsalacho timalandira m'maapulo.

Chimene anzangawo sankadziwa n'chakuti kampani ina yaikulu ya ku Melbourne inali itandiyesa kale. Ntchito yake inali yogwirira kunyumba, malipiro okwera kwambiri. Amene anandifunsa mafunso sanayatse n'komwe kamera yake, ndipo anandiuza kuti kompyuta yawo imaona ngati wachoka pampando. Chinatsala chimodzi: ankafuna kulankhula ndi bwana wanga kuti andichitire umboni. Ndinazengereza masiku ambiri osayankha.

Lachisanu masana, Dermot akuwotcha masoseji kuseri kwa ofesi monga mwa nthawi zonse, ndinamupeza ali yekha.

"Dermot, ndikufuna undikwezere malipiro. Nyumba zonse akundikaniza."

Anasiya kutembenuza masoseji. "Tegs, ukanaona buku la kubanki ukanandigulira mowa pondimvera chisoni. Alimi salipira mpaka atagulitsa. Ine ndemwe sindinadzilipire mwezi watha."

"Ndiye tikagone kuti?"

Anaganiza pang'ono, kenako nkhope yake inawala. "Kalavani yanga ija! Ingokhala kuseri kwathu, mukugona akangaude. Lowanimo, simulipira kanthu. Mkazi wanga amaphika ngati akudyetsa asilikali."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ndinamuthokoza.

Lamulungu ndinapita ndi bambo kukaona. Inali kalavani yakale yoyera, kanyumba kokoka ndi galimoto, itaima pansi pa mtengo wa maapulo, matayala ataphwa. Dermot anali ataikolopa, n'kuika maluwa m'botolo la jamu pazenera.

"Ndi imeneyi hotelayo?" anatero bambo. "Ndinagonapo m'boti la nsomba lalikulu kuposa apa, ndipo linkanunkha bwinoko."

"Dikirani mumve fungo la m'kati, achikulire," anayankha Dermot akuseka. "Masitepewa musade nawo nkhawa, ndikhoma matabwa otsetsereka."

Bambo anasendera pafupi. Chitsulo chawo chinagunda mbali zonse ziwiri za khomo, sichikanalowa. Anachisiya, n'kugwira chitseko ndi dzanja lamphamvu lija, n'kukweza mwendo wamanja. Wamanzere unakana kutsatira. Anapendekera chagada, ndipo Dermot anawawakha m'khwapa asanafike pansi. Tinawakhazika pampando wapulasitiki. Ankapuma mwabefu, maso ali ku udzu.

"Chimbudzi chili kuti?" anafunsa.

"M'nyumba yaikuluyo," anatero Dermot, mawu atatsika.

Bambo anagwedeza mutu. "Tegan, tamvera. Kunyumba yosungira okalamba ija ya ku Glenorchy kuli malo. Ndinaimbako foni iwe uli kuntchito. Wekha ungapeze kachipinda kulikonse. Anthu awa ndi abwino, usawasiye chifukwa cha mwendo wanga."

"Adadi, simupita kumeneko."

"Akuti Lachinayi amasewera makhadi."

"Inu mumadana ndi makhadi."

Pamenepo m'pamene ndinatembenukira kwa Dermot.

"Mawa anthu a kampani ina ya ku Melbourne akuimbira foni. Akufuna kundilemba ntchito, koma akufuna umboni wako kaye."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Unayamba liti zimenezi?"

"Chidziwitso chotuluka m'nyumba chitangofika."

"Osandiuza?"

"Ndikanayamba bwanji? Unandipatsa tchuthi chako chomwe."

"Nyengo yopopera ikuyamba, Tegs. Pulogalamuyi mbali yaikulu ili m'mutu mwako. Ukachoka, ine ndi Narelle tithera m'mitengo kuthyola maapulo." Anayesa kuseka, koma kusekako sikunatuluke bwino. Anatola chitsulo cha bambo, n'kuchiyezanso pakhomo la kalavani, ngati kuti khomolo likanakula. Kenako anachiika patsogolo pawo.

"Ndikhoza kuwauza kuti ndiwe waulesi ndipo umaba mabisiketi," anatero.

"Ukhoza."

"Za mabisiketizo n'zoona."

Usiku womwewo ndinatumiza nambala ya Dermot ku Melbourne. Lolemba foni yake inalira tonse tili mu ofesi. Dermot analowa m'kachipinda kamisonkhano n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Ndinkamuona pagalasi akuyendayenda, dzanja lili pachipumi. Narelle anandikanda pachigongono.

"Iwe, watuwa ngati ufa. Chachitika n'chiyani?"

Ndinamuuza. Iye anati, "Galu iwe. Ndiye za kuipa kwa khofi wa muno ndizidandaula ndi ndani?" Anatembenukira ku kompyuta yake, koma sanalembe kanthu.

Dermot atatuluka sanandiyang'ane. Anangodutsa n'kunena kuti, "Ndawauza kuti akakulipira zochepa ndipita komweko wopanda nsapato."

Kalata ya ntchito yatsopano itafika, ndinaitumiza kwa mtsikana wa nyumba uja. Tinapeza nyumba yapansi ku Claremont, yachinyezi pang'ono, koma yopanda masitepe. Dermot ndiye anatisamutsira katundu pagalimoto yake. Sanalankhule zambiri, ndipo sanalowe kudzamwa tiyi.

Tsopano ndimagwira ntchito patebulo la kukhitchini. Palibe amene amanditchula kuti Tegs. Lachisanu lapitali masana bambo anatulukira m'chipinda, chitsulo chawo chikudutsa pakhomo osagunda paliponse.

"Lero si la masoseji kodi?" anafunsa. "Tadzuka, tiwotche athu."

"Sindingachoke pampando, adadi. Akuona."

Anaima pang'ono akundiyang'ana, kenako anakokera mwendo wawo kufiriji okha.