Mpeni Womangira wa a Opal

"Iyi ndi baga kapena pilo?" anafunsa a Delbert Pruitt, akukankha mbale ndi chala chimodzi. "Munthu kuti alume chimenechi ayambe wamasula nsagwada."

Loretta, mwana wawo wamkazi amene anabwera kuchokera ku Dallas kudzawasamalira, anangoima ndi kansalu kopukutira mbale m'manja. Nyama imeneyi anali ataiyendera mpaka ku Oklahoma City, yofiira bwino, yopanda ndi kafuta komwe, monga analangizira adokotala.

"Ababa, talawani kaye. Pang'ono pokha."

"Kapatse anzako a ku Dallas. Kuno ku El Reno sitidya zotupa."

Chimwalirireni a Opal, mayi ake a Loretta, mkuluyu anali atasiya kudya. Munthu amene anamanga theka la nyumba za njerwa mumsewu wawo, amene thumba la simenti ankalinyamula ngati khanda, tsopano anali ataboola mabowo atsopano pa lamba wake ndi msomali. Adokotala sanabise mawu: akapitiriza kuonda chonchi, apite kunyumba yosungirako okalamba. Duane, mchimwene wake wa Loretta wa ku Tulsa, anali atapeza kale malo, ndipo madzulo alionse ankaimba foni kufunsa tsiku lowasamutsa. Loretta ankadziwa kuti bambo ake akachoka m'nyumba imene anamanga ndi manja awo, sadzakhalitsa.

Chakudya chokha chimene a Delbert ankachitchula chinali baga ya a Opal, nyama yogaya yokazinga yoika pakati pa banzi, yopyapyala, yodzaza anyezi, yopserera m'mphepete. Loretta anazungulira masitolo onse mpaka anapeza zopyapyala zouma za mufiriji. Bambo ake anati zikukoma ngati katoni. Anakagula yotentha kumalo odyera m'tauni, kumene amaidziwa ntchitoyi. Iwo analuma kamodzi, nati, "Ndi yabwino, koma si ya pakhomo pano," n'kuikulunganso m'pepala lake. Loretta anayesa kuiphwanya nyama ndi botolo isanapite pamoto.

"Nyama saisita ngati malaya," anatero a Delbert.

"Ndiye ndiuzeni mmene Amayi ankachitira!"

Mkuluyo anasuzumira kukhitchini n'kuyang'ana kukhoma la pafupi ndi sitovu, kenako anatembenukira kuzenera. "Amako ndiwo ankadziwa."

Loretta anachoka pakhomopa ali mtsikana, baga akungoidziwa ili kale m'mbale, chifukwa a Opal sankafuna mwana m'miyendo akamaphika. Choncho mabaga onse amene bambo ake ankawakana, Loretta ankawaponya kuseri kwa mpanda, kumene kunali galu wa a Verna Tallbear, mnansi wawo, mnzawo wa ponda apa n'pondepo wa malemu.

M'mawa mwake akuyanika zovala, anamva mawu kumpanda.

"Iwe Loretta! Galu wangayu wakulakwira chiyani?"

A Verna anali atatsamira mpanda, chipewa cha udzu chili kumutu. Pambali pawo panali galu wonenepa kwabasi, akupumira m'mwamba.

"Taona mmene wamuchitira. M'galimoto akulephera kukwera, ndikumachita kumukankha kumbuyo. Dzulo wakana chakudya changa, akuti iye masiku ano amadya kwa a Pruitt."

Loretta anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi. Anakhala pansi pa udzu n'kufotokoza zonse, za adokotala, za Duane, za lamba uja.

"Magawo atatu mwa anayi a nyama ya m'boma lino wadya galu wanuyu, amayi. Ababa ndiye ayi."

"Ukuiphwanya ndi chiyani?"

"Ndi botolo. Nthawi zina ndi manja."

"Botolo! Nanga mpeni womangira uja?"

"Mpeni womangira uti?"

A Verna anavula chipewa n'kumuyang'anitsitsa. Pamenepo Loretta anakumbukira. Atachoka anthu a pamaliro, iye anakonza khitchini yonse, ndipo pamsomali wa pafupi ndi sitovu anapezapo mpeni womangira nyumba, wakuda bii, nsonga yake yodulidwa. Anangoti ndi chitsulo chakale cha bambo ake chimene chinasochera m'khitchini. Anauponya m'katoni pamodzi ndi nyundo ndi mapulayala, n'kukapereka kutchalitchi kuti akagulitse.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

"Khala pompo, usasunthe."

A Verna analowa m'nyumba mwawo, ndipo potuluka anali ndi kanthu kokulunga m'nsalu yamaluwa.

"Ndinaupeza patebulo la zitsulo kutchalitchi, bambo wina ataunyamula kale kuti azikapalira ndowe m'khola. Ndinachita kumulanda, abusa akuona. Ndinati mwina mwautaya dala, kuti kuuona kukukuwawani, ndiye ndinangousunga." Anapukusa mutu. "Safunsa anadya phula, mwanawe, ndipo phula limeneli tadya tonse atatu. Iwe sunafunse, ine sindinafunse, bambo akowo ndiye mwala weniweni."

Loretta anaulandira ndi manja awiri. Chogwirira chake chinali chosalala, chitadyeka mbali imodzi pamene pankakhala chala chachikulu cha mayi ake. Anayamba kuthokoza, koma a Verna anamudula mawu.

"Zothokozazo udzachita mawa. Thamanga kubutchala ukagule nyama yogaya yamafuta."

"Koma adokotala anati..."

"Adokotala akufuna munthu wamoyo. Ayambe wadya, za mafutazo adzakangana nawo okha ali ndi mphamvu."

Dzuwa lili pamutu, chiwaya chachitsulo cha a Opal chinali pamoto. A Verna anadula anyezi mopyapyala moti kuwala kunkadutsa, uku akudandaula kuti mipeni ya m'nyumbayi ndi yobuntha ngati mitu ya eniake. Anauza Loretta kuti aumbe kampira ka nyama, osakafinya, akaike pachiwaya, n'kuunjikapo anyezi wambiri pamwamba.

"Wambiri chonchi?"

"Onjezera. Ukuumira anyezi ngati ndi golide? Eya. Tsopano kanikiza."

Loretta anaika mpeniwo pamwamba n'kukanikiza mwamantha. Chiwaya chinalira, tswee! Fungo la anyezi linadzaza nyumba. Anaona kuti nyama sinaphwanyike mokwanira, ndiye anakanikizanso, kenako kachitatu.

"Ayi, ayi, ayi! Ukuipha!"

A Delbert anali pakhomo la khitchini, dzanja limodzi litagwira felemu. Chiyambire maliro anali asanapondemo m'chipinda chimenechi. Maso awo sanali pa Loretta kapena pa a Verna, anali pa mpeniwo.

"Njerwa saikanikiza kawiri. Ukaikhazika, waikhazika. Ukabwerezanso, matope onse amathawira m'mbali. Bweretsa kuno."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pasitovu. Loretta anafuna kuwagwiriza, koma a Verna anamukoka malaya. Mkuluyo anautembenuza mpeniwo m'manja mwake, akusisita pamene panadulidwa.

"Nsonga iyi ndinadula ndine, chaka chimene ntchito ya zomanga inasowa. Nyama inali ya kambale kamodzi, pakamwa panali panayi. Amako anati, 'Delbert, ndibwereke mpeni wakowo, anyezi agwire ntchito imene ng'ombe yalephera.' Sanandibwezerenso mpaka lero."

"Ababa, munkadziwa kuti palibe. Bwanji simunandiuze?"

"Unagwada tsiku lonse ukukwecha khitchini ino, uku ukulira. Ndikanayambira pati kukuuza kuti wataya dzanja la amako?"

Loretta anabisa nkhope m'kansalu kaja. Chisoni chinalipo, manyazi analipo, koma chimene chinadzaza mtima wake chinali kuthokoza: kuti bambo ake anasankha njala kuti iye asapwetekedwe, komanso kuti panali mayi wina kuseri kwa mpanda amene anakanganira chitsulo chakuda pamaso pa abusa.

"Zolira zikhale panja, chiwaya chikupsa," anatero a Verna, iwonso akupukuta m'maso. "Anyezi uyu ndi waukali."

"Ndipo inu a Verna, mpeni wanga mwakhala nawo nthawi yonseyi? Wakuba amakhala pafupi ndithu."

"Wakuba amene amabweza? Mukanakhala ndi pakamwa bwenzi mutadya kalekale."

A Delbert anaseka, kuseka kwa dzimbiri. Anapala baga yoyamba ija n'kuikankhira pambali, nati imeneyo ndi ya galu. Anaumba timipira tawo n'kutindandalika pachiwaya mzere woongoka ngati wa chingwe. Pa kalikonse anaunjika anyezi, n'kukanikiza kamodzi kokha ndi thupi lonse. Nyama inafalikira mpaka m'mphepete munachita tizibowo. Ataitembenuza, anyezi anali pansi akupserera, ndipo anasanjika mabanzi pamwamba kuti amwe nthunzi.

Loretta anatulutsa mbale zitatu, masitadi wopaka m'mabanzi ndi nkhaka zowawasa. Atafika pasitovu anaima. Pachiwaya panali mabaga anayi.

A Delbert nawonso anawerenga ndi maso. Mafuta ankathetheka pachiwaya. Dzanja linali litachita zimene linazolowera osafunsa mwini wake. Loretta anaopa kuti mkuluyo autula mpeni n'kubwerera kumpando wake wa pazenera.

Iwo anapuma mozama, napala baga yachinayiyo n'kuisanjika pamwamba pa yawo.

"Ya amako ndidya ine. Sankakonda kutaya chakudya."

Anakhala patebulo n'kuluma. Mafuta anatsikira m'chibwano, ndipo palibe amene anawapatsa chopukutira. Foni ya Loretta inalira ali pakati pa kudya. Anali Duane.

"Achimwene, malo aja auzeni apatse wina," anatero Loretta.

"Wayambanso. Tandipatsa Ababa ndiyankhule nawo."

"Sangathe panopa. M'kamwa muli chakudya."

Atatha kudya, a Delbert anakaniza Loretta kuutsuka mpeniwo ndi sopo. Anaupukuta okha ndi pepala n'kuukoleka pamsomali wake. Kenako anafunsa ngati nyama yatsalako ya mawa.