Sindidina, Alamu

Mayi Taipi anali mlembi pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ya alamu awo, amuna a akulu awo. Zaka zisanu ndi ziwiri ankangoti "chabwino alamu" pa chilichonse. Koma Lachiwiri lina m'mawa zinasintha.

Pa kompyuta panafika uthenga wokhala ndi chizindikiro cha bungwe lopereka ziphaso. Unkati chiphaso cha sukuluyo chilandidwa masana omwewo ngati sadina linki n'kulembamo pasiwedi. Alamuwo anauwerenga ataima kumbuyo kwa mpando, thukuta lili kamukamu.

"Dinani msanga!"

"Sindidina, alamu."

Ophunzira atatu amene ankadikira pa benchi anasiya kucheza.

"Mwati chiyani?"

Mayi Taipi analoza ndi cholembera. "Adiresi ya pa intaneti ili ngati ya nyumba. Dzina la eni nyumba limakhala apa, musanafike pa kamzere kopendekeraka. Zakutsogoloko ndi zipinda chabe. Ndiye taonani dzinali. Pofunika chilembo cha l aikapo nambala 1. Chilembo chimodzi chikasintha, kompyuta imakakutulani pakhomo pa munthu wina."

"Nanga chizindikiro chawochi?"

"Chithunzi aliyense atha kukopera."

"Iii, lero taipi yakusandutsani pulofesa? Ndikamalandidwa chiphaso mudzandidyetsa ndinu? Chokanipo, ndidina ndekha!"

Mu kompyutamo munali zithunzi, manambala a mafoni ndi zitupa za ophunzira mazana anayi, zonse zolowetsa Mayi Taipi ndi zala zawo. Anazula mausi yodinira n'kuiponya m'chikwama, chikwamacho n'kuchikumbatira pachifuwa.

"Ndichotseni ntchito ngati mukufuna. Koma zitupa za anthu sindipereka kwa akuba."

"Ndiwauza akulu anu!"

"Auzeni. Munenenso kuti ndakana kawiri."

Mayi wina pa benchi anaseka, kenako n'kunamizira kutsokomola.

Mayi Taipi anadzuka, napita pa chiphaso chopachika kukhoma, nawerenga nambala ya foni ya bungwelo yolembedwa m'munsi. Anaimba, n'kukweza mawu a foniyo kuti ofesi yonse imve. Wantchito wa kumeneko sanadikire n'komwe kuti amalize kufotokoza.

"Si ife amenewo, mayi. Ndinu achisanu kuimba lero. Mwadina?"

"Ayi."

"Mwachita bwino. Ena atsekeredwa kunja kwa makompyuta awo omwe."

Alamuwo anayang'ana kudenga, nayang'ana nsapato zawo. Kenako anatola makiyi a galimoto.

"Ndiye bwanji simunafotokoze bwinobwino?"

"Ndinafotokoza. Inu mumamvera thukuta."

Alamuwo anatuluka akung'ung'udza za tayala lakuphwa. Kupepesa sanapepese, ndipo kwa mlungu wathunthu ankawalankhula kudzera kwa akulu awo. Mayi Taipi sizinawadandaulitse. Tsiku lomwelo, alamuwo atangotuluka, anabwezera mausi ija, nafufuta uthengawo, nakoka buku la maina.

"Wotsatira ndani? Bwerani musayine."