Timiyala ta Mumgolo wa Usipa

Madzi a mumgolo anangoti zii kwa kanthawi, kenako anaphulika kamodzin'kamodzi n'kutayikira pamoto. Swadick anadumphira kumbuyo atagwira mkono.

"Achimwene, chotsaniko nkhuni zina," anatero Naima, mlongo wake.

"Moto ukachuluka madzi amawira msanga. Usipa sudikira munthu."

Linali tsiku lachinayi chiwaikire m'manda bambo awo, che Ibrahimu, amene ankafutsa usipa ku Lungwena. Asodzi anali atasiya mabeseni awiri m'mawa monga mwa kale, osanena zambiri. Mayi awo, a Mwanamvua, anali pa eda, miyezi imene namfedwa satuluka pakhomo. Usipawo ukanawonongeka, asodzi akanayamba kupita kwa ena, ndipo nyumbayo ikanasowa podyera.

Swadick, wogwira ntchito m'sitolo ku Lilongwe, anali atakwecha mgolowo mpaka kuwala. Koma dengu loyamba limene anaviika linatuluka usipa uli wonyenyeka, mitu payokha.

"Izi sindingazithe," anatero. "Tiwauze asodzi azikagulitsa kwina. Eda ikatha amayi ndidzawatenga."

"Kuwatengera kuti? Kukachipinda kanu ka lendi kaja? Manda a bambo ali kuno."

"Ndiye uzidzawadyetsa manda?"

Kuseri kwa nsalu ya pazenera kunamveka mawu otsika a mayi awo.

"Naima, sindikumva timiyala."

"Timiyala tanji, amayi?"

Swadick anazyolika. "Ndinatipeza pansi pa mgolo. Ndimayesa zinyalala, ndataya pankhando, potayira phulusa paja."

"Katoleni, ananga. Bambo anu ankati madzi amafuna pogwira. Pachitsulo chosalala amameza kutentha mwakachetechete, kenako n'kuphulika. Koma pamwala wokhakhala pamabadwa timathovu ting'onoting'ono, n'kumanyamula kutentha pang'onopang'ono kupita nako pamwamba. Nsomba imapsa osasweka."

Awiriwo anagwada pankhando n'kumafufuza m'phulusa. Timiyalato tinali takuda, tonunkha mchere ndi nsomba. Swadick anatitsuka yekha, n'kusolola zikuni ziwiri pamoto mlongo wake asanabwereze.

"Koma amayi, tochuluka chonchi?" anafunsa atayima pafupi ndi zenera.

"Kale kanali kamodzi. Bambo anu anawonjezera chaka chimene maso angawa anayamba kuchita chifunga. Sananene chilichonse. Ndinangozindikira kuti madzi akawira ndikutha kuwamva."

Naima anati "Bisimila," n'kugwetsera timiyala m'madzi. Anadikira, usipa wotsala uli pambali, ntchentche zitayamba kuuzungulira. Kenako pansi pa mgolo panayamba kugogoda, pang'ono chabe, ngati munthu wodziwa kuti m'nyumba muli wodwala.

Nsalu ya pazenera inagwedezeka.

"Viikani tsopano," anatero a Mwanamvua.

Swadick ananyamula dengu ndi manja onse awiri. Mayi ake anatsamiritsa khutu pakhoma, ndipo anakhala choncho mpaka usipa wonse unatha.