Masiku Asanu ndi Atatu a Byeon Pansi pa Phiri

"Lowanitu a Pulofesa, chikepe sichinyengerera munthu," anatero mayi Ok, woyendetsa chikepecho, dzanja lili pa batani.

A Byeon Gyu-tae anangoti njo pakhomo la chikepe cha mumgodi, chipewa chachikasu chitapendekeka pamutu. Thukuta linali kamukamu, chonsecho kunja kunkagwa chipale chofewa.

Munthuyu anali katswiri wa fizikisi, mutu wake ngati kompyuta. Pansi pa phiri, mumgodi wakale wa chitsulo, gulu lawo la anthu mazana awiri linaikako makina osakira tizinthu tosaoneka, timene ngakhale eni ake sanatikhudzepo. Pepala lililonse la kafukufuku likatuluka, mayina onse mazana awiri ankalembedwapo, ndondondo ngati nyerere. Asayansi ena akatchula pepalalo m'zolemba zawo, aliyense wa m'gululo ankawerengeredwa kamodzi. Ndiye kuyunivesite kwa a Byeon mabwana sankafunsa zambiri. Ankangoona kuti munthu watchulidwa kangati, ndipo wagwira ntchito ndi ndani. A Byeon anali atatchulidwa kopitirira zikwi ziwiri, koma ukachotsa mapepala a gulu, zotsala zake sizikanadzaza ndi kambale ka ndiwo za kimchi komwe.

Lamulo la gulu linali limodzi: pachaka, aliyense azilondera makinawo masiku asanu ndi atatu pansi pomwepo. Wokana, dzina lake lifufutidwe pamapepala. Zaka zisanu ndi zinayi a Byeon ankazemba. Mnzawo wa m'gululo, a Seok, ndi amene ankawatsikira, a Byeon n'kumawachitira masamu. Chaka chino mtsogoleri watsopano analetsa zosinthanazo. Ndipo mwezi wa Malichi yunivesite inali yoti iwerengenso, ione woti atsale ndi woti alongedze.

"Achimwene, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," anatero a Seok m'chikepemo, akutafuna kimbapu, mpunga wokulunga ndi ndiwo m'kati. "Mphindi zitatu zokha. Tsinzinani basi."

"Chingwechi anachiona liti?" anafunsa a Byeon.

"Chaka chimene ndinakwatiwa," anayankha mayi Ok. "Mwamunayo anaduka, chingwe chikadalipo."

A Seok anaseka mpaka mpunga kuwatsamwa. A Byeon ayi. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Mayi Ok anawayang'anitsitsa. Anachotsa dzanja pa batani.

"Kwanu n'kuti, a Pulofesa?"

"Ku Taebaek."

"Kumigodi ya malasha," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Munataya ndani?"

"Bambo anga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinadikira pakhomo ngati lomweli masiku anayi."

A Seok anasiya kutafuna. Zaka zonsezi iwo ankayesa kuti mnzawoyo ndi waulesi chabe.

"Achimwene, ndikalankhula ndi mtsogoleri," anatero. "Mwina akamva..."

"Akamva n'kutani? Andimvere chisoni, kenako andifufute mwaulemu?" A Byeon anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete. "Mwana wanga akulowa sekondale. Ndikamuuza kuti ntchito yatha chifukwa abambo ake amaopa dzenje?"

Mayi Ok anatambasula mkono wawo wonenepa.

"Gwirani apa. Osati pamwambapo, ndine mayi wolemekezeka. Pamkono. Wanga uja anathera kumalasha komweko, ndipo ine ndimatsika kakhumi patsiku. Mantha sachoka ayi, amangokhala pansi n'kumakuonerera."

A Byeon anagwira mkonowo ndi manja onse awiri, ngati akulandira kapu kwa mkulu. Analowa. Chitseko chinati kwee, kuwala kwa dzuwa n'kuthawira kumwamba. Chikepe chinanjenjemera, mphepo yonunkha dzimbiri ikuchokera pansi, madzi akudontha pachipewa, tho, tho. Makutu anatseka. A Byeon anayamba kutchula mayina a pa pepala lawo lija motsatana, mokweza, monga wopemphera. Anafika pa dzina la makumi asanu ndi limodzi chikepe chisanaime.

Pansipo panali magetsi owala ndi pansi poyera ngati m'chipatala. A Seok anawatsogolera kuchipinda cha makina.

"Ndi chimenechi?" anafunsa a Byeon. Chinthu chimene anachilembera zaka zisanu ndi zinayi chinali ngati filiji yaikulu yokutidwa ndi mkuwa.

"Chomwecho. Chipatseni moni, ndi chimene chimakudyetsani."

A Byeon anavula chipewa n'kuchiweramira, osaseka. Kenako analemba dzina lawo m'buku la olondera. Zilembo zinatuluka zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani, koma zinali zawo.

Mayi Ok anasuzumira pakhomo akusisita mkono wawo, pamene panali zidindo za zala khumi.

"Atsala masiku asanu ndi awiri, a Pulofesa," anatero. "Mawa mudzagwire wamanzerewu, uwu upumeko."