Wodzutsa a Enerst

Chiyambire pamene sitiroko inapha mbali yakumanja ya amuna ake, Vaileti ndiye ankawadzutsa. Ankawakoleka chitenje kumsana, kugwira nsonga zake, kutsamiritsa bondo pabedi, n'kukoka. A Enerst anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi awiri, ndipo matendawo anawalanda mkono ndi mwendo, koma uphunzitsi anawasiyira. Itamveka nkhani yoti ku Area 10 kukufunika wosamalira gogo wina wachizungu, kachipinda kawo ka ku Chinsapo kanasanduka kalasi.

"Ndatsegula maso. Ndatani?" ankafunsa motero m'mawa uliwonse.

"Get up."

"Ayi, amake Rodney. Wake up. Get up ndi pamene mwandikoka. Nanga malayawa?"

"Put on."

"Ndikavala zonse?"

"Get dressed. Kwezani mkono, abambo, madzi akuzizira."

Panali chinthu chimodzi chimene onse awiri ankachilambalala. Ntchitoyo inali yoyamba sikisi koloko m'mawa mpaka madzulo, mwana wawo Rodney anali ku Joni, ndipo m'nyumbamo munalibe wina wowadzutsa. Komanso popanda ntchitoyo mankhwala akanatha osabweranso.

Tsiku loyesedwa, mwana wa gogoyo analankhula mothamanga ngati wailesi. Chingerezi cha masabata atatu chinabalalika chonse. Vaileti anangomva kuti akufuna aone mmene angadzutsire mayi awo, amene anali chigonere, atakwinya nkhope, atakana kale anthu awiri. Vaileti anachita manyazi, koma manja ake sanadikire mawu. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchipisa kumsana kwa gogoyo, n'kukoka pang'onopang'ono. Gogoyo anakhala tsonga osabuula, n'kumugwira dzanja osalisiya.

Anamuuza kuti ayambe Lolemba. Mu minibasi pobwerera sanasangalale ngakhale pang'ono.

Anawapeza a Enerst pampando pamene anawasiya, kapu ya madzi itagwa pansi pomwe sakanatha kuitola.

"Anakufunsani ziti?" anafunsa iwo.

"Palibe chimene ndayankha. Koma anditenga."

A Enerst anayamba kulongosola ndi mawu awo a m'kalasi, ngati akulemba ndandanda pabolodi. Vaileti azidzawadzutsa folo koloko. Azidzawasambitsa, kuwaveka, kuwakhazika pafupi ndi zenera, chakudya kumanzere, chidebe pansi pa mpando. Apa Vaileti anazindikira kuti sanaziganize lero zimenezi. Anaziganiza kalekale, m'mawa uliwonse pamene ankamuphunzitsa.

"Nanga mukatopa kukhala, adzakugonekani ndani?"

"Ndidzadikira."

"Maola khumi ndi anayi, abambo?"

"Ndinawerenga kale," anatero a Enerst, akuyang'ana kukhoma. "Mawa tiyeserere. Mudzatuluke faifi koloko, mudzatseke chitseko, ndipo ngakhale mudzandimve ndikuitana, musadzabwerere."